Masiku 14 ndi bwato la ku Zumbo

Pa 25 Marichi 2020, patangotha sabata imodzi chipezekere anthu awiri oyamba odwala korona mu Zambia, Pulezidenti Edgar Lungu analankhula ku mtundu wonse pa wailesi ndi pa TV. Ambiri timakumbukira za mabala amene anatsekedwa, ndi lamulo loti pamsonkhano, paukwati kapena pamaliro pasapitirire anthu 50. Koma panalinso mfundo ina imene achinyamata a mu Lusaka mwina simunaiganizire kawiri, chifukwa inkaoneka ngati ya anthu okwera ndege okha. Ndege zonse zochokera kunja zinauzidwa kuti zizitera pa Kenneth Kaunda International Airport basi, ndipo mabwalo a ku Livingstone, Ndola ndi Mfuwe analeka kulandira ndege zakunja. Aliyense wolowa m'dziko anayenera kupimidwa. Wopezeka ndi zizindikiro, kuchipatala. Wopanda zizindikiro, kwarantini ya masiku osachepera 14, ndipo ndalama zake azilipira yekha.

Mawu omalizawo, akuti azilipira yekha, ndi amene tikufuna tikambirane lero, ngakhale mamasiki tinataya kalekale ndipo za korona sitizitchulanso. Tikulemba tili ku Luangwa, kumene ambiri amakutchabe kuti Feira. Lamulo lomwelo ukaliwerenga uli chiimire m'mphepete mwa mtsinje kuno, limamveka mosiyana kwambiri ndi mmene limamvekera pa eyapoti.

Kwa amene simunafikeko: mukachoka mu Lusaka pa Great East Road, musanawoloke mlatho wa Luangwa mumakhotera kumanja, n'kutsika ndi msewu wa D145 motsatira mtsinje mpaka msewuwo utathera pamadzi. Ulendo wonse ndi makilomita oposa 300. Pamene msewu wathera ndi pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Mukaima pa doko, kutsidya kwa Luangwa mukuona Zumbo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, ku Zimbabwe. Mlatho palibe. Pali mabwato okumba, maboti a injini, mvuu ndi ng'ona. Tambala akalira ku Zumbo amadzutsa ndi a ku Feira omwe.

Tinene msanga kuti ife sitikutsutsa kwarantini. Kachilombo ka korona kamatha kukhala m'thupi masiku angapo munthu asanamve kalikonse. Ambiri amayamba kudwala pakapita masiku 5 kapena 6, ena amafika mpaka 14, ndipo nambala ija inachokera pamenepo. Kachipangizo koloza pamphumi kaja kamangogwira amene thupi latentha kale, pomwe ena amapatsira anzawo asanatsokomole n'komwe. Mu Marichi 2020 kunalibe katemera, kunalibe mankhwala ake, ndipo malo opimira anali owerengeka. Chimene boma linali nacho m'manja chinali kupatula munthu n'kudikira. Komanso matendawa anabweradi pa ndege. Awiri oyamba aja, amene nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Chitalu Chilufya, inalengeza pa 18 Marichi, anali banja lochokera kutchuthi ku France, ndipo ena otsatira anali atachokera ku Pakistan. Kwa anthu otere lamulo linali loyenera. Munthu amene wakwanitsa tikiti ya ku France akhoza kukwanitsanso chipinda cha pa loji kwa milungu iwiri, kapena ali ndi nyumba ya mpanda yokhala ndi chimbudzi chamkati, furiji, ndi wina womusiyira chakudya pakhomo.

Koma lamulo silinanene kuti okwera ndege. Linati olowa m'dziko. Ndipo pa Feira wolowa m'dziko ndi mayi amene wapita m'mawa ku Zumbo kukagula nsomba zouma n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Ndi mkulu amene wawoloka kukalira maliro a mlongo wake ku Kanyemba. Ndi mayi wapakati wa kutsidya amene abale amuika m'bwato kuthamangira naye ku chipatala cha mishoni cha Katondwe, chifukwa chipatala chachikulu cha chigawo chake chili mu mzinda wa Tete, kutali kosaneneka. Pa pepala onsewa ndi apaulendo ochokera kunja, chimodzimodzi ndi uja watsika ndege ndi masutikesi atatu.

Kuwoloka kumeneku sikunayambe dzulo. Dzina lenileni lakuti Feira ndi la Chipwitikizi, tanthauzo lake msika, ndipo Apwitikizi anali akuchita kale malonda pa Zumbo m'zaka za m'ma 1700. Achikunda ndi Ansenga anali akukwatirana, kulima ndi kuwedza mbali zonse za mitsinjeyi pamene Britain ndi Portugal ankagwirizana za malire mu 1891. Mpaka lero munthu wa kwa a Mfumu Mphuka kapena kwa a Mfumu Yaikulu Mburuma akamawerenga azakhali ndi amalume ake, amawerenga m'mayiko awiri kapena atatu. Chinenero n'chimodzi, maliro ndi amodzi. Boma lenilenilo limadziwa zimenezi, n'chifukwa chake a imigireshoni amapereka boda pasi kwa anthu okhala m'malire kuti asamavutike ndi pasipoti pa ulendo wa tsiku limodzi.

Ndiye pali nkhani ya nsomba, imene ikukhudza inu a m'tauni mwachindunji. Nyanja ya Cahora Bassa, imene inapangidwa pamene Apwitikizi anatseka Zambezi ndi damu m'zaka za m'ma 1970, imabwerera m'mbuyo mpaka kufupi ndi Zumbo. Nsomba zouma zothira mchere zochokera kumeneko zimatsikira pa Feira, n'kukwera malole kupita ku Lusaka, zina mpaka ku Kasumbalesa pa malire ndi Congo. Mukagula nsomba pa Soweto Market, mwina inakwera bwato isanakwere lole. Mayi amene amachita malonda amenewa mpamba wake umazungulira tsiku ndi tsiku: agule lero, agulitse mawa, phindu ligule ufa ndi makala, chotsala chibwerere kutsidya. Mukamuuza kuti akhale penapake masiku 14 osagulitsa, mwamuuza kuti adye mpamba. Mukawonjezera kuti alipirenso pogona pa masiku 14 amenewo, mwamuuza chinthu chimene ngakhale atafuna kumvera sangathe.

Pamwamba pa izi, malikulu atatu analankhula aliyense zake. Zimbabwe inatsekera anthu onse m'nyumba kwa masiku 21 kuyambira pa 30 Marichi. Mozambique inali itaimitsa kale kupereka maviza, ndipo pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi. Zambia inasiya maboda ake otsegula, ndipo pamenepo tikuti boma linachita bwino, chifukwa dziko lopanda nyanja yaikulu ngati lathu likatseka zipata, mafuta, feteleza ndi mankhwala zimaima tsiku lomwelo. Koma tangoganizani wopalasa bwato amene pa ulendo wa mphindi zowerengeka anayenera kudziwa malamulo a Lusaka, a Harare ndi a Maputo, olembedwa m'Chingelezi ndi m'Chipwitikizi, ndiponso osinthasintha milungu ingapo iliyonse. Ife amene timadzipereka pa wailesi za m'madera tinkalandira mauthenga a zaumoyo n'kuwamasulira, koma funso limene omvera ankafunsa kawirikawiri linali loti, nanga ine amene munda wanga uli kutsidya nditani? Uthenga unalibe yankho lake chifukwa olemba sankamuganizira munthu ameneyo.

Munthu wa m'malire akapatsidwa lamulo limene sangathe kulitsata, saleka kuwoloka. Amaleka kuwolokera pa boda. Kumtunda kwa Feira mtsinje wa Luangwa ndiwo malire kwa makilomita ambirimbiri, ndipo m'chilimwe madzi akaphwera pali malo amene munthu amawoloka atangokwinya buluku. Bwato limatha kukocheza pa bango lililonse. Anzathu a ku Chipata njira zotere amazitcha zalewa. Palibe boma limene lingaike msilikali pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa mtsinje. Tsono taonani chimene chimatayika. Pa boda pali wa zaumoyo ndi kachipangizo kake, chidebe cha madzi ndi sopo, ndipo choposa zonse pali buku. M'bukumo mumalembedwa dzina la munthu, kumene wachokera, mudzi umene akupita ndi nambala ya foni. Wina akadwala pakapita masiku 6, bukulo ndilo limauza a zaumoyo kuti anakwera bwato limodzi ndi yani, ndipo akafufuze khomo liti. Lamulo loopseza thumba la munthu wosauka limamuchotsa pa mzere wa bukulo n'kumutumiza kubango, usiku, kumene kulinso ng'ona. Boma limatsala ndi lamulo lokhwima pa pepala ndi buku lopanda mayina.

Si maganizo athu chabe. Kumapeto kwa Meyi 2020, Amalawi amene anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa anasungidwa pa Kamuzu Stadium mu Blantyre kudikira zotsatira za kupimidwa. Anthu oposa 400 anathawa, ena kulumpha mpanda, atadandaula kuti panalibe chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera. Ena mwa othawawo anali atapezeka kale ndi kachilombo, ndipo anakwera maminibasi kupita kumidzi kwawo. Ku Zimbabwe nakonso obwerera kwawo ankasungidwa m'masukulu ndi m'makoleji, ndipo apolisi ankalengeza kawirikawiri za anthu othawa. Ambiri tinawanyoza kuti ndi osamva. Koma munthu amene wachotsedwa ntchito ku Johannesburg, wakhala m'basi masiku atatu, n'kumugoneka pa simenti ya sitediyamu popanda nsima, sathawa chifukwa chosaopa imfa. Amathawa chifukwa njala ili pomwepo, pamene matenda sakuwaona.

Kwathu kuno phunziro lalikulu linali Nakonde. Mu Meyi 2020 odwala anachuluka mwadzidzidzi kumeneko, ndipo pa 11 Meyi boma linatseka boda, n'kuitsegulanso kwa malole a katundu patangopita masiku ochepa. Nakonde ndi Tunduma ya ku Tanzania zili ngati tauni imodzi yodulidwa pakati ndi mzere. Matenda sanalowe ndi munthu mmodzi wodinditsa pasipoti. Anayenda ndi moyo wa tsiku ndi tsiku wa tauniyo, m'maloji, m'misika, pakati pa oyendetsa malole ndi osintha ndalama. Feira ndi yaing'ono poyerekeza ndi Nakonde, koma kapangidwe kake n'kofanana.

Ena adzati, koma pambuyo pake anthu ambiri ankangouzidwa kuti akadzipatule kunyumba, osalipira kalikonse. Zoona. Koma kudzipatula kunyumba nakonso ndi lamulo la anthu a nyumba zazikulu. Inu a ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere mukudziwa bwino tanthauzo la chipinda chimodzi cha anthu 6 ndi chimbudzi chimodzi cha mabanja angapo. Kuno onjezeranipo kuti madzi amakatungidwa ku mjigo kapena kumtsinje, ndipo kutentha kwa mu Okutobala sikulola munthu kutsekeredwa m'nyumba ya malata masana. Wodzipatulayo ngati ndiye amabweretsa ndiwo, tsiku lachitatu adzatuluka, ndipo a m'nyumba mwake ndi amene adzamuuze kuti atuluke.

Chimene ambiri sitinkadziwa n'chakuti nkhani ya kulipira inakambidwa kale ndi mayiko, korona isanabwere. Zambia ili m'gulu la mayiko 196 omangidwa ndi malamulo a zaumoyo a dziko lonse, International Health Regulations, amene anagwirizanidwa mu 2005 pansi pa bungwe la WHO n'kuyamba kugwira ntchito mu 2007. Gawo 40 la malamulowa limanena kuti wapaulendo asalipiritsidwe chifukwa cha kupimidwa kofuna kudziwa ngati akudwala, kapena chifukwa cha kumupatula ndi kumuika pa kwarantini, kupatulapo amene akubwera kudzapempha chilolezo chokhala m'dzikomo. Gawo 32 limawonjezera kuti amene wasungidwa apatsidwe ulemu, chakudya ndi madzi okwanira, pogona poyenera, chitetezo cha katundu wake, ndi njira yolankhulira, ngati n'kotheka m'chinenero chimene amamva. Nzeru yake n'njosavuta. Munthu wa pa kwarantini sanalakwe kalikonse, mwinanso sakudwala n'komwe. Akusungidwa kuti ine ndi inu tisadwale. Phindu ndi la tonse, choncho bilu nayonso ndi ya tonse. Ngakhale wandende, amene anapezeka wolakwa kukhoti, boma limamudyetsa.

Mu 2020 mayiko ambiri, olemera omwe, anaponda gawo limeneli osayang'ana n'kumbuyo komwe. Zimenezi sizikulisandutsa lolakwika.

Tikudziwa yankho la a boma: ndalama kunalibe. Si bodza. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa ngongole m'nthawi ya mliriwu. Sitikunena kuti boma likanagoneka aliyense wotsika ndege mu hotela ya mu Lusaka. Amene akufuna bedi lofewa ndi intaneti alipire, ndi ufulu wake. Tikunena kuti payenera kukhala khomo lachiwiri, laulere, la amene alibe. Ndipo khomo limenelo silodula monga momwe anthu amaganizira. Masukulu onse anatsekedwa pa 20 Marichi 2020. Makalasi ndi nyumba zogona ana asukulu zinali zopanda anthu kwa miyezi. Thumba la ufa, nyemba, sopo ndi moskito neti za munthu mmodzi kwa milungu iwiri n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ambulansi yochokera ku Feira kupita ku Levy Mwanawasa, osatchula za okosijeni. Amene anaona mafunde achitatu a korona mu Juni ndi Julayi 2021, pamene mabedi ndi okosijeni zinasowa mu Lusaka, akudziwa kuti matenda akalowa pakati pa anthu mtengo wake sulinso wa thumba la ufa. Komanso ofesi ya Auditor General itafufuza ndalama ndi zopereka za korona inapeza zambiri zosalongosoka. Pamene pali ndalama zosowa malisiti, n'kovuta kutiuza kuti nsima ya anthu ochepa pa doko ndiyo ikanagwetsa chuma cha dziko.

Chodabwitsa n'chakuti ululu wa lamulo lotere tonse tinaumva pamene linatigwera kuchokera kunja. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu watsopano wa kachilomboka, umene WHO inautcha Omicron pa 26 Novembala. Mmodzi mwa oyamba kuuona anali Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe, wogwira ntchito ku Gaborone. M'malo mothokozedwa chifukwa chochenjeza dziko msanga, chigawo chathu chonse chinatsekeredwa kunja. Britain inaika mayiko a kumwera kwa Africa pa mndandanda wake wofiira, ndipo pa 28 Novembala inawonjezerapo Zambia, Malawi, Mozambique ndi Angola. Wololedwa kulowa anayenera kukhala mu hotela yosankhidwa ndi boma masiku 10 n'kulipira yekha mapaundi 2,285, pafupifupi K50,000 pa mtengo wa nthawi imeneyo. Posakhalitsa zinadziwika kuti Omicron inali kale ku Ulaya: ku Netherlands anaipeza mwa anthu amene anapimidwa chilengezo cha South Africa chisanatuluke. Pulezidenti Lazarus Chakwera wa Malawi analemba pa Facebook kuti malamulo a korona azitsamira pa sayansi osati pa kuopa Aafrika. Pa 15 Disembala Britain inachotsa mayiko onse pa mndandandawo, itavomereza yokha kuti sukuthandizanso.

Milungu imeneyo pa Facebook ndi pa WhatsApp panali moto. Tinakwiya, ndipo tinali ndi chifukwa. Anthu akutali, osadziwa moyo wathu, analemba lamulo lotiika tonse m'thumba limodzi n'kutipatsa bilu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zimene London inachita kwa Lusaka n'zimene Lusaka, mosadziwa, imachita kwa Feira, Chanida, Mwami ndi Nakonde nthawi iliyonse imene ilemba lamulo la pa boda ikuganizira eyapoti.

Kwarantini itayamba kufewa, m'malo mwake munalowa satifiketi yosonyeza kuti munthu wapimidwa ndi PCR posachedwa ndipo alibe kachilombo. Vuto linangosintha malaya. Kupima kwa PCR kumafuna labu, makina ndi magetsi odalirika, ndipo wapaulendo ankalipira. Munthu wa mu Lusaka ankapita m'mawa n'kukatenga pepala lake mawa lake. Wa ku Feira anayenera kuganizira za ulendo wa makilomita mazana kuti apeze chilolezo cha ulendo umene kutsidya kwake akukuona ndi maso. Katemera atafika mu Epulo 2021 kudzera mu COVAX, ndipo kenako khadi la katemera litayamba kulandiridwa pa maboda, ndi pamene zinthu zinapepukako, chifukwa katemera anali waulere ndipo ankafika ku kiliniki ya kumudzi. Chinthu chaulere chimene chili pafupi anthu amachitsata.

Nanga tikufuna chiyani? Choyamba ndi chimene tanena kale: boma likasunga munthu, limudyetse, ndipo zimenezi zilembedwe m'lamulo lenilenilo, osati kudalira chifundo cha DC kapena cha mabungwe. Malamulo a korona a mu 2020, ma Statutory Instrument 21 ndi 22, anatsamira pa Public Health Act, lamulo limene linayamba mu 1930 nthawi ya atsamunda. Lamulo la nthawi imeneyo limadziwa bwino kupatsa ofesala mphamvu zotsekera munthu. Za chimene munthu wotsekeredwayo ayenera kulandira, ndi ife a lero amene tiyenera kuumirira kuti zilembedwe momveka.

Chinacho n'chovutirapo, ndipo tikudziwa kuti ena sagwirizana nacho. Feira, Zumbo ndi Kanyemba ziziwerengedwa ngati dera limodzi la zaumoyo pa nthawi ya mliri. Mayi wa boda pasi amene wapita m'mawa n'kubwera masana asamaikidwe m'gulu limodzi ndi wochokera ku Dubai. Alembedwe m'buku, apimidwe kwaulere pa doko ndi zopimira zofulumira zija zimene tsopano zilipo, ndipo a nyakwawa ndi odzipereka a zaumoyo a m'mudzi mwake adziwe kuti anawoloka. M'midzi yathu mlendo sabisika. A nyakwawa amadziwa amene wafika dzuwa lisanalowe, bola ngati kuwauza sikubweretsa chilango pakhomo. Ndipo ngati matenda abuka m'dera la mitsinjeli, malo anzeru oikapo chipata chokhwima ndi pa mphambano ya D145 ndi Great East Road, chifukwa pafupifupi aliyense wochoka kuno pa galimoto kupita ku Lusaka kapena ku Chipata amadzera pamenepo. Kulondera msewu umodzi n'kotheka. Kulondera mabango a mitsinje iwiri n'kungodzinamiza.

Wina adzati, ndiye kuti mukutsegula chibowo, munthu wochokera kutali adzangodzisandutsa wa ku Zumbo n'kulowa. Chibowocho chilipo kale, ndipo chakhalapo kuyambira 1891. Funso ndi lakuti olowerapo tiziwadziwa mayina kapena ayi. Winanso, makamaka wa kuno, adzati chipata cha pa mlatho chikutanthauza kuti ife a ku Luangwa ndi amene tidzatsekeredwe, nsomba, masawu ndi mphasa zathu n'kuwonongekera m'manja. Nkhawa imeneyo ndi yoona ndipo sitikuipeputsa. Chipata chotere chiyenera kukhala cha masiku owerengeka, cholola katundu kudutsa monga zinachitikira ku Nakonde, ndiponso chobwera ndi thandizo la chakudya. Koma ngati tiyenera kusankha, kuli bwino kupimidwa poyera pa msewu masana kusiyana ndi kuwoloka mobisala pakati pa mvuu usiku.

Zimenezi sizingakonzedwe mliri utayamba kale, pamene aliyense ali ndi mantha ndipo malikulu akutulutsa zilengezo usiku. Mayiko atatuwa amakumana kale pa nkhani ya njovu ndi nsomba za dera lino pansi pa mgwirizano wa ZIMOZA. Ngati a zanyama amatha kukhala pansi limodzi chifukwa njovu sizidziwa malire, a zaumoyo a Luangwa, Zumbo ndi Mbire angathenso kugwirizana kuti wodwala akapezeka mbali imodzi, mbali zinazo zidziwe tsiku lomwelo, ndiponso kuti uthenga wa pa wailesi utuluke wofanana m'Chikunda, m'Chinsenga, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Mawu a pa wailesi, ndi iwe, amawoloka mtsinje popanda boda pasi.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti korona sinalinso ngozi ya dziko lonse. Miyezi 5 yokha itapita, kolera inabuka mu Lusaka, inapha anthu mazanamazana, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa kumayambiriro kwa 2024. Nthawi yomweyo Zimbabwe ndi Mozambique nazonso zinali pa nkhondo ndi kolera. Mu Ogasiti 2024 WHO inalengezanso za mpox. Mu Meyi 2025 mayiko anavomereza pangano latsopano lokonzekera miliri ya mtsogolo. Mapangano a ku Geneva ndi abwino, koma safika okha pa doko.

Chimene chingafike ndi CDF. Kuyambira mu bajeti ya 2022 ndalama za chitukuko cha dera lililonse la phungu zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zakhala zikukwerabe. Zopempha zimayambira ku Ward Development Committee, kumene wachinyamata aliyense wa m'wadi ali ndi ufulu wolankhula. Inu amene makolo anu ali kuno, kapena ku Chirundu, ku Chanida ndi ku Mwami, mukabwera pa tchuthi kafunseni a khansala kuti mliri wina ukabwera, munthu wosungidwa pa boda adzagona m'nyumba iti, adzamwa madzi a pa mpopi uti, ndipo adzamuphikira ndani. Nyumba yotere siyenera kukhala yokhoma kudikira matenda. Zipinda zingapo pafupi ndi doko, zokhala ndi madzi, sola ndi zimbudzi za amuna ndi akazi padera, m'masiku abwino zingakhale pogona amayi a nsomba amene amadikira lole ya ku Lusaka, n'kumalipira kangachepe ku khonsolo kuti nyumbayo izisamalidwa.